A Geresomo ndi Ng'ombe Yodikira Mlatho

Mukafika pa Mtondowodoka, kumunsi kwa Mlolo kuno, musavutike n'kufunsa kuti a Geresomo Alufandika amapezeka pati. Yang'anani sitolo ya khonde lalitali imene penti wake akusendeka: pamwamba wapepo, pansi pake wa mtundu wa khofi, pansi penipeni wapinki. Khoma limenelo ndi mbiri ya ndale za dera lathu, ndipo mwini wake ndi mlamu wanga. Ine ndine Augustino. Iwowo anakwatira mlongo wanga Leah, ndipo mpaka lero sindimvetsa chimene Leah anaona pa munthu wa miyendo ya kakowa ngati ameneyo. Koma za m'nyumba ya eni tizisiye.

A Geresomo anabwera kuno ali kamnyamata ka kabudula wong'ambika, makolo awo akuthawa nkhondo ya ku Mozambiki. Malonda anayambira pamsika wa Chiromo, kugulitsa mchere wa pasupuni. Mchere unabala palafini, palafini anabala njinga, njinga inabala okala, okala inabala sitolo, kenako chigayo cha dizilo ndi khola la ng'ombe kuseri kwake. Kuluza sakudziwa ayi. Madeya ogwa pansi m'chigayo amasesa okha, ndipo thumba la shuga likatha amaliviika m'madzi kuti tiyi wa tsikulo atsekemere ulere. Ukawapempha machesi amakupatsa kamtengo kamodzi, bokosi n'kubweza m'thumba.

Chinthu chimodzi chokha ndi chimene ndinawaona akuchikonda popanda phindu, ndipo ndi ng'ombe.

Chaka cha madzi akulu aja, 2015, madzi anatipeza m'mawa, dzuwa litatuluka kale. Tonse tinathamangira kumtunda kusukulu. Tili m'njira, alamu anga anakumbukira kuti asiya sikelo m'sitolo. Leah anakuwa mpaka mawu kusasa, koma munthu anabwerera. Sikeloyo anaitengadi, n'kuikoloweka m'khosi, koma potuluka anapeza msewu wasanduka mtsinje. Madzi anawanyamula ngati chiputu. Ife tikuonera patali, manja ali kumutu, tinangoona ng'ombe yawo yapangolo, yofiira, ya nyanga imodzi yopindikira pansi, itathyola khola ikusambira mphuno zili m'mwamba. Inadutsa pafupi nawo, iwo n'kuigwira mchira. Inawakoka choncho mpaka pachulu cha kuseri kwa sukulu, atamwa madzi okwana mgolo wathunthu. Sikelo ija inapita, mwina pano ikuyeza nsomba ku Mozambiki.

Kuyambira tsiku limenelo ng'ombeyo tinaitcha Sitima, ndipo goli silinakhudzenso khosi lake. Madeya oyamba a m'chigayo anali a Sitima. Mchere, womwe uja wa pasupuni, Sitima ankanyambita kuchikhatho cha mbuye wake. Madzulo a Geresomo ankakhala pamphepete pa khola n'kumailankhula m'Chisena, kuiuza mitengo ya zinthu. Leah anafika poitcha "mkazi mnzanga", ngakhale inali yamphongo, yofula.

Madzi aja anatisiyira tsoka lina. Mtsinje wa Nyansomba unasiya njira yake yakale n'kudzikumbira ina, unakokolola kamlatho kathu, ndipo Mtondowodoka anatsala ngati chilumba. Kwa ine, kunena zoona, silinali tsoka kwenikweni. Ndinali ndi mwadiya wanga, bwato la mtengo umodzi, ndipo chilichonse chinayamba kuwolokera mwa ine: shuga, simenti, zigubu za dizilo, njinga zamoto, amayi apakati, maliro, ngakhale andale ndi nsapato zawo zonyezimira. Koma amalonda analira. Simenti inkafika itanyowa. Thonje ogula ankaligula mtengo wachipongwe ati chifukwa cha mawolokedwe. Ng'ombe ndiye osanena: m'mwadiya singakwane, ndipo kuisambiritsa n'kudyetsa ng'ona, poti njira yatsopanoyo ng'ona zinaikonda kuposa yakale.

Amalonda anapanga gulu lawo, wapampando n'kukhala a Geresomo. Nyimbo ya gululo inali imodzi: mlatho. Alamu anga anali nalo loto lawo. M'khola ankalera nkhunzi zitatu zabwino, ndipo ankati tsiku limene mlatho udzathe adzaziwolotsa, akazigulitse mtengo weniweni kumsika wa ng'ombe kutsidya, agule kalole. Dzina la kaloleko anali atasankha kale, malo oimikapo atasalaza kale pambali pa chigayo. Nkhunzi zikakalamba ankagulitsa kwa opha nyama a konkuno n'kulera zina, koma nthawi zonse m'kholamo munkakhala zitatu zodikira lole.

Tsono kuti mumvetse zimene zinachitika, mudziwe mwambo wathu. Kuno mlendo wolemekezeka sachoka chimanjamanja. Ndipo mphatso ya chiweto imaperekedwa ndi chingwe: munthu akagwira chingwe pamaso pa anthu, chiwetocho n'chake basi. Akafuna akhoza kuchisiya kwa wopereka uja kuti amusungire, ndipo kusungitsa sikuwola. Zaka zingapite bwanji, mwini akabwera n'kunena kuti ndadzatenga changa, umatsegula khola osafunsa.

Chisankho chitayandikira, kunabwera a Duncan Thawale a chipani cha Nyale, munthu wa mimba yabwino ndi mawu a m'busa. Analonjeza mlatho, fakitale ya thonje, ndiponso anthu akunja odzabzala chuma chawo m'chigwa muno. Amalonda anakumana pakhonde la sitolo kuti agwirizane za mphatso. Wina anati mbuzi, koma atafunsidwa kuti ichokere m'khola la yani anayamba kutsokomola. Wina anati dengu la mbatata. Apo a Geresomo anaimirira.

"Ine ndipereka ng'ombe," anatero.

Wogulitsa matemba wina anawagwira pamphumi kuti aone ngati ali ndi malungo.

Tsiku la msonkhano ndinawolotsa a Thawale ndi anyamata awo, iwo atagwira m'mphepete mwa mwadiya ndi manja onse, akufunsa ngati ng'ona zimadumpha. Pabwalo atatha kulankhula, tinangoona a Geresomo akubwera ndi Sitima, nsalu yapinki ya chipani itakulungidwa kunyanga. Sitima? Leah anandiyang'ana, ine n'kuyang'ana kumwamba.

"Bwana," anatero alamu anga pachinkuzamawu, "ife amalonda a pa Mtondowodoka tili pambuyo panu, chifukwa inu ndi amene mukudziwa kuti chuma chimayenda pamsewu. Landirani kandiwo."

A Thawale anagwira chingwe, amayi analulutira, ng'oma zinalira. Kenako bwanayo anayang'ana ng'ombe, n'kuyang'ana kudooko kumene kunali kamwadiya kanga, n'kuyang'ananso ng'ombe.

"Musavutike, bwana," anatero a Geresomo mwaulemu wonse. "Ndikusungirani. Tsiku limene mlatho wanu udzathe, ng'ombe yanu idzawoloka ndi miyendo yake."

Bwalo lonse linagwa nako kuseka ndi kuwomba m'manja. A Thawale anakondwa mpaka misozi, ati sanaonepo wamalonda wokhulupirira chitukuko chotere. Kuyambira pamenepo zakumwa zonse za misonkhano zinkagulidwa m'sitolo ya alamu anga, chimanga chophikira anyamata a chipani chinkagayidwa pachigayo chawo, ndipo penti wapinki wopaka sitolo anabwera waulere.

Madzulo ake ndinawapeza kukhola akuikanda Sitima pakhosi.

"Alamu, mwapenga kodi? Ng'ombe imene inakuvuulani m'madzi?"

Anandiyang'ana ngati ndine mwana wa sitandade wani. "Alamu, inu mwakulira konkuno. Munaonapo mlatho wolonjezedwa pamsonkhano ukumangidwa?"

Kunena zoona, sindinauonepo.

A Thawale anapambana. Patapita miyezi kunabwera anthu a zipewa zolimba, anayeza, anakhoma zikhomo m'mphepete mwa mtsinje n'kumangirira tinsalu tofiira. Tinsaluto mbuzi zinadya, zikhomozo amayi anasonkhera moto. Bwanayo tinkangomumvera pawailesi. Sitima anapitiriza kudya madeya ake, a Geresomo n'kumatsogolera amalonda kukadandaula kwa aliyense wovala taye kuti mlatho ukuchedwa. Ankadandaula mochokera pansi pa mtima, musaganize kuti ankanama. Lole ankaifuna ndithu. Kungoti usiku ankagona tulo tabwino.

Zaka zinapita, zinthu zinathina. Dizilo anayamba kusowa, chigayo n'kumakhala chete masabata. Shuga, amene nzimbe zake zimalimidwa m'chigwa chomwe chino, tinkamuona ngati mankhwala. Ukapita kukaoda katundu lero, mawa mtengo wasintha. Amalonda anati a Nyale atikwana. Chisankho china chitayandikira kunatulukira mayi Lilian Fulukiya a chipani cha Dengu, mayi wa magalasi akuda ndi liwu lakuthwa. Iwowo anati amalonda ang'onoang'ono ndiwo msana wa dziko, adzatipatsa mpamba, adzatsitsa misonkho, ndipo mlatho ndiye nkhani yaing'ono, adzayambira pomwepo.

Sitolo inapakidwa penti wa khofi. Tsiku la msonkhano Sitima anatulukanso, kunyanga kuli nsalu ina. Mawu anali omwe aja, sanasinthe ngakhale limodzi. Mayi Fulukiya anagwira chingwe ndi nsonga za zala, anajambulitsa, anamva za kuwoloka ndi miyendo yake, anaseka mpaka kuvula magalasi.

Mwina mukufunsa kuti kodi panalibe woulula? Aa, inunso! Aulule ndani? Mudzi wonse unkadziwa, ndipo mudzi wonse unkalandira nsalu. Atsogoleri a chipani a m'mudzi momwemo ankadyera pakhonde lomwelo. Komanso nkhaniyo inkatikomera. Andale amenewa akhala akutigulitsa mlatho umodzi kangati? Ifenso tinati tiwagulitseko ng'ombe imodzi.

Kutatsala milungu yochepa kuti tivote, a Geresomo anapita ku Limbe kukaoda katundu. Anabwerako nkhope ili ina. Ali m'mwadiya mwanga, atakhalira katoni ya sopo, anandinong'oneza.

"Alamu, mphepo yatembenuka. Mashopu akuluakulu onse achotsa makalendala a Dengu. Apachika a Belu."

Imeneyo ndiyo inali nyuzi yawo. Ankati wailesi imanama, koma mwini holoselo sapachika kalendala ya munthu woti aluza. Anaitanitsa amalonda, anawafotokozera kuti eni chuma a m'tauni aona kuti chipani cha Belu ndicho chingakope anthu odzatsegula mafakitale ndi kubweretsa dizilo. Amalonda anagwedeza mitu ngati abuluzi. Woimira Belu kuno anali a Ernest Nyamula, mnyamata wophunzira, woonda, woyenda ndi botolo lake la madzi. Penti wa khofi asanaume bwino, wapepo anakwera pamwamba pake.

Leah sanapirire. Anawapeza akukulunga nsalu yachitatu kunyanga za Sitima.

"Bambo a Tithokoze, amati mapanga awiri avumbwitsa. Nanga atatu?"

"Mayi a Tithokoze, mvula yake iti? Kunja kuli ngwee."

"Chabwino. Koma tsiku limenelo musadzandiitane."

A Nyamula anagwira chingwe, anathokoza m'Chingerezi, ndipo anachita chimene anzawo aja sanachite: anaisisita ng'ombeyo pamphumi n'kufunsa dzina lake. Anapambana chisankho.

Ndiye tsiku lina m'mawa, ndikukapa madzi m'mwadiya, ndinamva kugunda kutsidya. Ndinayesa mabingu. Kutukula maso, zimakina zachikasu zili mndandanda, malole a miyala, anthu a zipewa zolimba osati atatu koma gulu. Ndinati mwina adzakhoma zikhomo zina. Nkhabe, sizinali choncho! Anayamba kukumba. Ati ndalama zinachokera kwa anthu akunja othandiza madera okokoloka ndi madzi, ndipo a Nyamula anangozikankhira kwathu. Zinachokera kumene zinachokerako, mizati inayamba kutuluka m'madzi.

Mudzi wonse unasangalala kupatula anthu awiri. Ine ndinkalira mwadiya wanga, ndipo sindinabise. Koma alamu anga, wapampando wa amalonda, munthu amene anafuula za mlatho mpaka kukhosi kuuma, akanalira pati? Anthu ankabwera kusitolo kudzawagwira chanza. "A tcheya, mwagwira ntchito! Lole ija ndi imeneyo!" Iwo ankaseka ndi mano okha. Anayamba kuonda, lamba anaboola bowo lina. Masana ankabwera kudooko, tonse awiri n'kukhala pamchenga wotentha kuonera mizati ikukula.

"Alamu," anandifunsa tsiku lina, "mukaona simenti imeneyi, ikwana?"

"Ikwana, alamu. Ina ikubwera."

"Nanga madzi a chaka chino? Sangaigwetse?"

"Walira mvula walira matope, alamu."

Sanandilankhule masiku angapo. Kenako anadzilimbitsa mtima ndi masamu awo. Anati a Thawale anagwa, mayi Fulukiya anagwa, ndipo wandale wogwa sabwerera kumene anagwera. Watsala mmodzi, a Nyamula, mwana wa m'tauni wosadziwa kusiyanitsa ng'ombe ndi inzake. Adzamupatsa kang'ombe kena kofiira, nkhani n'kutha. Ndinawakumbutsa kuti mwanayo anafunsa dzina n'kusisita pamphumi. Anati ine ndili ndi pakamwa pa kadzidzi.

Tsiku lotsegulira mlatho linafika, kukutentha kwa mwezi wa Okutobala kumene ngakhale nkhuku zimayenda kukamwa kuli yasa. Anamanga nsanja kumbali yathu, ana asukulu anaimba, valimba inalira, amayi ovala nsalu zapepo anavina fumbi kuti koboo. Galimoto zinawoloka pamlatho koyamba, ine ndikuziona ndili chiimire pafupi ndi mwadiya wanga wopanda ntchito. Galimoto yakutsogolo itaima, anatsika a Nyamula. Pambuyo pawo panatsika mimba imene ndinaizindikira isanatuluke nkhope: a Duncan Thawale, atavala malaya apepo. Chitseko china chitatseguka, kunatuluka magalasi akuda. Mayi Fulukiya, chitenje chapepo, duku lapepo, belu lili pachifuwa.

Mayo ine! Ndinathamanga kukawapeza alamu anga pamzere wa olandira alendo. Anali atawaona kale.

Wolengeza anatiuza kuti a Thawale tsopano ndi mkulu wa chipani cha Belu m'boma lino, ndipo mayi Fulukiya ndi mtsogoleri wa amayi. Ati anaona kumene kuli chitukuko n'kutsatira. Nawonso, zikuoneka, ankawerenga makalendala a ku Limbe.

Riboni inadulidwa, zolankhula zinayamba. A Nyamula analankhula za misika, za malole, za achinyamata kupeza ntchito. Kumapeto anamwetulira.

"Ndisanakhale pansi, pali mkulu wina pano amene anandikhulupirira ena akukayika. Anandipatsa ng'ombe, nati idzawoloka ndi miyendo yake mlatho ukadzatha. A Alufandika, mlatho ndi uwu!"

Anthu sanawombe m'manja. Ena anayamba kuyang'ana pansi, ena kubisa nkhope m'zitenje. A Thawale anaseka ali pampando, n'kukoka chinkuzamawu.

"Bambo ameneyu ndi wamtima! Nanenso ndili ndi yanga kwa iyeyu, mawu ake omwewo. Lero titenga ziwiri."

"Zitatu!" anatero mayi Fulukiya. "Inenso anandipatsa. Ndili nacho chithunzi mufoni."

Gogo wina kumbuyo analephera kudzigwira, anaphulika nako kuseka, ndipo bwalo lonse linatsatira. Anthu anagubuduka pansi. Anyamata a chipani, osadziwa chikuseketsa anthu, anathamangira kukhola kuti akatenge ng'ombe za mabwana. Kumeneko anthu anawalozera imodzi. Anabwera nayo Sitima, itakalamba tsopano, ikuyenda mwaulesi, ikubzikula ngati nkhaniyo siikuikhudza.

"Yanga ndi imeneyo," anatero a Nyamula. "Sitima."

"Ayi, imeneyo ndi yanga, nyanga yopindikayo ndikuikumbuka," anatero a Thawale.

Mayi Fulukiya anavula magalasi, anayang'ana mufoni, anayang'ana ng'ombe, n'kuyang'ana a Geresomo. Apo ndinamva chisoni ndi alamu anga.

Kunena zoona, mpaka pamenepo nanenso ndinkaseka. Ndinkati ichi chakoma ichi chakoma pusi anagwa chagada, awone polekera. Koma a Thawale, munthu wakale pa ndale, anaona kuti manyazi akugwera pansanja. Anaimirira, anakweza dzanja.

"Abale anga, palibe mlandu apa! Kale tinali atatu, lero ndife amodzi. Ndiye kuti ng'ombeyi ndi ya chipani, ndipo chipani ndi inu. Iphedwe pompano, anthu adye nyama ya mlatho!"

Mukanamva chisangalalo chake! Anthu omwe aja amene anasunga chinsinsi zaka zonsezi, amene ankaidziwa Sitima ndi dzina, amene anaiona ikuvuula munthu m'madzi, anafuula kuti "Nyama! Nyama!" Sindikuwada ayi, chaka chimenecho kunali njala, ambiri ankadya nyika, timizu ta m'dambo. Koma ine kuseka kunandithera. Mnyamata wina anatulutsa chimpeni, ena anakoka chingwe kulowera pansi pa mtondo.

Sitima itangotembenuka, a Geresomo anachoka pamzere paja. Sanathamange. Anapita n'kuigwira mchira ndi manja awiri, monga momwe anaigwirira tsiku la madzi lija. Anyamata anakoka, ng'ombe inayenda, iwo anakwakwazika m'fumbi, nsapato imodzi inavuka, koma sanasiye.

"Iyi ayi," anatero.

Panalibe chinkuzamawu, koma tinamva tonse. Munthu amene pamsonkhano uliwonse ankayamba ndi mfuu ya chipani, lero analibe mfuu.

"Mabwana, ndinalakwa. Chingwe munagwira nonse atatu, sindikukana, ndipo mwambo ndikuudziwa. Koma iyi ayi. Ndili ndi nkhunzi zitatu m'khola, zonenepa, zazing'ono. Aliyense atenge yake. Mundibwezere chingwe cha nkhalambayi."

Amalonda anzawo anayang'anana. Nkhunzi zimenezo aliyense ankazidziwa kuti ndi lole, ndipo msika wake unali utangotseguka tsiku lomwelo, pamphuno pawo. Wogulitsa matemba uja anawanong'oneza kuti a tcheya, ganizani bwino, ng'ombe yopanda mano imeneyi ngakhale opha nyama sangaigule. Iwo sanamuyang'ane n'komwe. Maso awo ankafunafuna Leah m'gulu la amayi, chifukwa nkhunzizo anazilera awiri, ndipo Leah ndi amene ankazimwetsa madzi a pamjigo.

Leah anali atachoka. Ndinati basi, mlongo wanga wasunga mawu ake oti asadzamuitane. Koma posakhalitsa tinamva mabelu a ng'ombe kuseri kwa chigayo. Anatulukira akukusa nkhunzi zitatu zija yekha, kamtengo kali m'manja, chitenje chapepo atachivula n'kumanga m'chiuno chake chakumunda. Anafika pansi pa nsanja n'kugwada mwaulemu.

"Mabwana, tengani. Pakanapanda mkazi mnzangayu, ine bwenzi ndili wamasiye."

Andale pa nkhunzi sachedwa kukhululuka. A Thawale anatsika koyamba kukasankha yaikulu. Mayi Fulukiya anati pyadidi, zili bwino, n'kuvalanso magalasi. A Nyamula okha ndi amene anaoneka kuti manyazi awagwira, koma yawo anatenga. Malinga ndi mwambo, aliyense anagwira chingwe cha Sitima n'kuchiika m'manja mwa a Geresomo pamaso pa anthu, ndipo katatu konse alamu anga anathokoza m'Chisena, "Takhuta." Nkhunzi zija anazikweza pa lole imene inabweretsa mipando. Katundu woyamba kuchoka pa Mtondowodoka kudzera pamlatho anali ameneyo. Za nyama ya mlatho sizinamvekenso, anthu anadya mpunga wa nyemba n'kubalalika akung'ung'udza.

Lero malole amabwera okha kuchokera ku Blantyre mpaka pakhomo. Amalonda awiri agula kale tigalimoto tawo, ndipo mmodzi amaimika pamalo paja alamu anga anasalaza. Alamu angawo upampando anautula. Katundu wawo amabwera pa kabaza. Khoma la sitolo sanalipakenso, n'chifukwa chake mukuona mitundu itatu. Mwadiya wanga ndinaukokera kumtunda, ndipo poti unayamba kung'aluka ndi dzuwa, ndinawapatsa. Uli m'khola, Sitima amadyeramo madeya.

Mwezi wathawu kunabwera mnyamata wina wofuna ukhansala, akulonjeza magetsi. A Geresomo anamulandira bwino, anamupatsa tambala womanga miyendo, ndipo anamuperekeza mpaka panjinga yake yamoto n'kumangirira okha pakaliyala. Mnyamatayo anati mwina amusungire kaye. A Geresomo anati ayi mwanawe, nyamula lero lomwe.

M'mawa uliwonse amaitenga Sitima kukadya msipu kutsidya. Amawoloka pamlatho pang'onopang'ono, ng'ombe patsogolo iwo pambuyo, malole akuliza mahutala. Tsiku lina ndinawatsatira, poti ntchito ndilibe. Tili pakati pa mlatho ndinalephera kudzigwira.

"Koma alamu, inuyo, munthu woviika thumba la shuga. Nkhunzi zitatu ndi lole yomwe, kusinthanitsa ndi chinkhalamba ichi? Munayeza bwanji?"

Anaima, anayang'ana madzi akudutsa pansi pathu, n'kuyang'ana ng'ombe yawo imene inali itaimanso kuwadikira.

"Sindinayeze, alamu. Sikelo inapita ndi madzi tsiku lija."

Anatulutsa mchere m'thumba la malaya, wodzaza chikhatho, n'kuitambasulira.